Utsi wa pa Boterekwa

Ku Makusha, m'tauni ya migodi ya Shurugwi, kudali mkulu wina amene anthu ankamudziwa ndi galimoto yake kuposa ndi dzina lake. Galimotoyo idali Peugeot 404 ya mizere itatu ya mipando ndi chitseko chakumbuyo, yoyera ikachapidwa koma yofiira ndi fumbi masiku ena onse. Adaigula mu 1984 kwa kapitawo wa pamgodi amene ankachoka m'dzikomo, ndipo kuyambira pamenepo sidagonepo pagalaja ya munthu wina. Chilichonse chikavuta, mwini wake ankayala saka pansi n'kulowa kunsi kwake yekha.

Mkuluyo adachoka kwawo ku Dedza mu 1959 ali ndi zaka 19, pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Adadutsa ku Tete, nawoloka Zambezi monga ankachitira anyamata ambirimbiri a nthawi imeneyo, ndipo adakapeza ntchito m'migodi ya chrome ya ku Selukwe, dzina limene tauniyi idali nalo mpaka 1982. Adagwira ntchito pansi zaka 11, kuboola mwala ndi kupakira m'ngolo, kufikira pamene chifuwa chidayamba kumuvuta ndipo adamusamutsira kumalo okonzera makina. Kumeneko ndiko adaphunzira za injini. Kumudzi adapitako kawiri kokha, mwakuti abale ake adamuwerengera m'gulu la matchona. Lamulo la unzika la mu 2001 lidachititsa kuti ana ake, obadwira m'dzikomo, aziwerengedwa ngati alendo. Malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 ndiwo adawabwezera unzika, natchulanso Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka za Zimbabwe.

Atapuma pantchito, galimoto ija idakhala ya maliro. Anzake amene adabwera nawo kale adali atamwazikana m'matauni a m'chigawo cha Midlands: ena ku Maglas ndi ku Mandava m'tauni ya Zvishavane, kumene mgodi wa asibesitosi wa Shabanie udagwa, ena ku Torwood pafupi ndi Redcliff, kumene ng'anjo za Ziscosteel zidazima mu 2008, ena ku Amaveni m'tauni ya Kwekwe. Ankasonkha ndalama m'kabungwe kawo ka maliro, ndipo wina akatsikira kuli chete, otsalawo ankayenera kukafikako, popeza munthu wopanda mudzi wake pafupi amaikidwa ndi anzake. Peugeot ndiyo inkawanyamula. Amuna ankakhala kutsogolo ndi pakati, ndipo mzere wachitatu, woyandikana ndi chitseko chakumbuyo, udali wa mayi a kunyumba kwa mkuluyo ndi amayi anzawo awiri. Amayiwo ankati akangoyenda pang'ono, tulo n'kuwagwira, ndipo pofika kusiwa ankadandaula litsipa ndi nseru. Aliyense ankati ndi ukalamba, kapena kukhotakhota kwa msewu.

Mu Juni 2015, akuchokera ku Gweru, adapeza apolisi pamsewu ali pamodzi ndi anthu oyeza utsi. Lamulo losamalira chilengedwe la mu 2002 ndilo lidakhazikitsa bungwe la Environmental Management Agency, ndipo malamulo a mu 2009 okhudza kuipitsa mpweya adaika malire a utsi umene galimoto ingatulutse. Mnyamata wina adalowetsa kapaipi m'paipi ya ekizozi, nayang'ana manambala pa kabokosi, kenaka adapukusa mutu. Mwaulemu ndithu adati, m'Chishona, galimoto ya asekuru ikutulutsa mpweya wa carbon monoxide wokwana magawo 8 pa magawo 100 alionse, ndipo iyenera kukonzedwa isanapitirire kuyenda m'misewu ikuluikulu. Mkuluyo adalipira chindapusa osanena kanthu. Ndalamazo zidamuwawa, koma chimene chidamusowetsa tulo ndi manyazi: iye amene adakonza injini zaka zoposa 40 kuuzidwa ndi mwana, pamaso pa anzake, kuti galimoto yake ikudwala.

Pakhomopo padali mdzukulu wake wamkazi amene ankaphunzira zokonza galimoto pasukulu ya ntchito zamanja ku Gweru. Mtsikanayu adakula akuyankhula Chishona, ndipo Chichewa ankachigwiritsa ntchito poyankhula ndi agogo ake okha. Akaiwala ankawatchula kuti sekuru, iwo n'kumuyang'ana mpaka atakonza. Loweruka lotsatira adadzuka m'mamawa navala ovolosi.

"Agogo, tiyambire kumasula kabuleta," adatero.

"Dekha, mwanawe. Sing'anga amayamba wafunsa asanatulutse lumo. Liza injini, ine ndiime kumbuyo."

Mkuluyo ankawerenga utsi monga mlimi amawerengera mitambo. Utsi wakuda, adamuuza mdzukuluyo, ndi petulo amene wachuluka kuposa mpweya, ndiye sakupsa yense. Utsi wobiriwira ngati wa nkhuni zaziwisi, wonunkha chiphyerere, ndi oyilo amene walowa kumene sayenera kulowa. Utsi woyera wokhuthala, umene sutha ngakhale injini itatentha, ndi madzi, ndipo pamenepo gasiketi ndiye wapsa. Nthunzi yoyera ya m'mawa wa nyengo yachisanu, imene imatha pakapita mphindi zochepa, ilibe mlandu. Mtsikanayo ataponda moto, kumbuyo kudatuluka utsi wakuda, ndipo pansi padatsala mwaye. Adamasula mapulagi onse anayi nawayala pa nyuzipepala motsatana. Pulagi ya injini yathanzi imakhala yotuwa ngati khungwa louma. Awa adali akuda ndi mwaye wouma, onse mofanana, kusonyeza kuti vuto lidali pamalo amodzi odyetsa masilinda onse.

Apa mtsikanayo adafotokoza zimene adaphunzira m'kalasi. Kuti petulo apse bwino, pamafunika mpweya wolemera pafupifupi magalamu 14.7 pa galamu imodzi ya petulo. Mpweya ukachepa, kaboni wa mu petulo sapeza okosijeni wokwanira, ndiye m'malo mwa carbon dioxide pamatuluka carbon monoxide. Adawonjezera kuti Shurugwi ndi Gweru zili pamtunda wokwera, mamita pafupifupi 1,400 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wopepukirapo, kotero kuti kabuleta amene sadziwa kudzisintha yekha amakhala atapendekera kale kumbali ya petulo wochuluka. Agogo ake adamvetsera, nati zonsezo ankazidziwa ndi khutu, manambala okha ndiwo adali achilendo.

Adayamba ndi zosadya ndalama. Sefa ya mpweya ya galimoto imeneyi idali yachikale, ya mbale ya oyilo pansi yokola fumbi. Atatsegula adapeza kuti oyiloyo wasanduka phala lofiira. Msewu wa ku Makusha ndi fumbi la milu ya miyala ya kumigodi zidachita ntchito yake, ndipo mkuluyo adavomera motsitsa mawu kuti kuyambira pamene mawondo adayamba kumuvuta, adali asanayang'anemo. Adatsuka sefayo ndi palafini, nathiramo oyilo watsopano kufika pa mzere wake. Kenaka adaona kuti waya wa choko wachita dzimbiri, moti ngakhale ukankhidwe mpaka kumapeto, kachitseko ka pakamwa pa kabuleta kankatsala kotseka pang'ono. Choko chimathandiza kudzutsa injini yozizira poipatsa petulo wambiri. Chikakakamira, injini imayenda tsiku lonse ngati ikadali m'mawa.

Atatha izi m'pamene adamasula chivundikiro cha kabuleta wa Solex. M'katimo muli kachitini koyandama, kamene amakaniko amati fuloti, kamene kamakwera petulo akadzaza n'kutseka kasingano kolowetsa petulo. Mkuluyo adakatulutsa, nakagwedeza pafupi ndi khutu, kenaka adakapereka kwa mdzukulu wake kuti naye amve. M'kati mudamveka kukhuvula. Kadali kataboka, kakumwa petulo, ndipo chifukwa cholemera sikankakwera mokwanira, mwakuti petulo ankasefukira m'injini. Iye adaloza chala petulo wosakaniza ndi ethanol wa ku Chisumbanje, amene boma lidalamula mu 2013 kuti azigulitsidwa m'dziko lonse. Mtsikanayo adati n'zoona kuti ethanol amadya mphira zachikale ndipo amakoka chinyezi, koma kachitini ka zaka zoposa 40 sikasowa mdani kuti kaboke. Adakumbutsanso agogo ake kuti petulo wosakaniza adayamba kale m'zaka za m'ma 1980 ndi fakitale ya ku Triangle, ndipo Peugeot yomweyi idamumwa osadandaula. Fuloti ina adakaipeza Lolemba kwa ogulitsa zitsulo za galimoto zakufa ku Gweru. Ataiika, adasintha mapointi, nakonza nthawi ya moto, natembenuza pang'onopang'ono kasikuluwu ka petulo mpaka injini idayamba kulira mosadukiza. Utsi wakuda udatha.

Koma utsi wakuda utachoka, udavumbula wina umene unkabisala m'kati mwake. M'mawa podzutsa injini pankatuluka kautsi kobiriwira, n'kutha. Mtsikanayo adada nkhawa, chifukwa oyilo amalowa m'silinda kudzera njira ziwiri. Akhoza kukwera kuchokera pansi ngati maring'i a mapisitoni atha, ndipo kukonza zimenezo ndi kumasula injini yonse, ndalama zimene banjalo lidalibe. Akhozanso kutsika kuchokera pamwamba, kudzera m'mbali mwa timiyendo ta mavalavu, ngati timphira totseka pamenepo tauma. Mkuluyo adati mlandu umenewu aukazenga ku Boterekwa.

Boterekwa ndi msewu wokhotakhota umene umatsika m'mapiri kum'mwera kwa Shurugwi, polowera ku Zvishavane. Azungu ankautcha Wolfshall Pass. Mkuluyo adauza mdzukulu wake kuti ayendetse, iye nakhala mzere wapakati, maso kumbuyo. Potsetsereka adamuuza kuti aike giya yachitatu, achotse phazi pamoto, injini yokha izigwira galimoto. Pa nthawi yotere injini imayamwa mwamphamvu koma khomo la mpweya lili lotseka, ndiye imakoka chilichonse chimene ingapeze, ngakhale oyilo wa pamwamba. Atafika kumunsi mtsikanayo adaponda moto, ndipo kumbuyo kudatuluka mtambo wobiriwira kamodzi, kenaka mbee. Adatembenuka nakwera chitunda chonsecho ataponda mwamphamvu, koma utsi sudaoneke. Maring'i akatha, utsi umachuluka pokwera, pamene injini ikusenza katundu.

"Mwaona, agogo? Ndi mavalavu."

"Ndaona. Koma mboni imodzi simangitsa munthu. Ubwere nacho chija choyezera mphamvu."

Choyezeracho adachibwereka kwa mphunzitsi wake. Adachilowetsa pabowo la pulagi la silinda iliyonse, napukusa injini, ndipo masilinda onse anayi adaonetsa mphamvu yoyandikana, osasiyana kupitirira gawo limodzi mwa magawo khumi. Adathira supuni ya oyilo m'silinda imene idatsikirapo, nayezanso. Maring'i akadakhala otha, oyiloyo akadatseka mipata kwa kanthawi ndipo muvi ukadalumpha. Sudasunthe kwenikweni.

Kusintha timphirato kumafuna kuchotsa masipuling'i a mavalavu, ndipo ambiri amayamba achotsa mutu wa injini. Mkuluyo adakana. Masilinda a injini ya 404 ndi mapaipi ochita kulowetsa, ozunguliridwa ndi madzi, ndipo mutu ukachotsedwa mosasamala amasuntha, madzi n'kuyamba kulowa mu oyilo. M'malo mwake adatenga chingwe chofewa chathonje, nachilowetsa pabowo la pulagi pisitoni ili pansi, nasiya nsonga kunja. Kenaka adazungulitsa injini ndi dzanja mpaka pisitoni idapanikiza chingwecho kumavalavu, kuti asagwere m'kati sipuling'i ikachoka. Njira imeneyi mtsikanayo adali asanaione m'buku lililonse. Timphira takale tidali touma ngati chikopa cha ng'oma yosiyidwa padzuwa, ndipo tina tidaphwanyika m'manja. Ntchitoyo idawatengera masiku awiri. Atabwerera ku Boterekwa, kumbuyo sikudaoneke kanthu, potsika ngakhale pokwera. Mkuluyo adati mlandu watha.

Mdzukuluyo sadakhutire. Adapempha kuti apite nayo galimoto kusukulu kwawo, kumene kudali makina oyeza mipweya inayi. Carbon monoxide adali atatsika kufika pa magawo 2 pa 100, ndipo agogo ake adamwetulira. Koma iye adaloza nambala ina. Okosijeni adali wochuluka kuposa mmene ayenera kukhalira mu utsi wa injini yopsereza bwino. Mpweya wakunja unkalowa penapake m'paipi ya ekizozi n'kumasukulutsa utsiwo, ndipo pamene mpweya ukulowa, utsi umatulukanso. Adatenga chiguduli natseka nacho kamwa la paipi kwa kanthawi. Injini yopanda bowo imatsamwa ikatsekedwa motero. Iyi idapitirira kulira, ndipo kunsi kudamveka kufwenthera. Atalowa m'dzenje ndi tochi adapeza mng'alu pamwamba pa paipi, mbali yosaoneka munthu akagona pa saka, pansi penipeni pa mzere wachitatu. Mbale ya pansi pa mpandowo idali ndi timabowo ta dzimbiri. Mphira ya chitseko chakumbuyo idali itathetheka, ndipo galimoto za msana wotere zikamathamanga zimakoka utsi wake womwe kudzera pampata uliwonse wa kumbuyoko.

"Agogo, amene amakhala apa ndani?"

Mkuluyo sadayankhe. Adakhala pa tayala lakutha limene lidali pambali, navula chipewa.

Zimene mtsikanayo ankafuna kufotokoza, iye adazidziwa asanabadwe mayi ake a mtsikanayo. Kumgodi, akaphulitsa mwala, palibe ankaloledwa kubwerera kumalowo mpaka nthawi yoikika itakwana ndipo mpweya utayendamo. Utsi wa zophulitsira unkaoneka ndipo unkatsokomoletsa, koma akuluakulu ankachenjeza anyamata kuti woopsa ndi umene umatsala utsi utatha. Iye mwini adanyamulapo mnzake amene adabwerera msanga kukatenga chida chimene adaiwala. Adamupeza atakhala chotsamira khoma ngati wagona. Carbon monoxide alibe mtundu, alibe fungo. Amagwira magazi mwamphamvu yoposa ya okosijeni maulendo opitirira 200, ndipo amayamba ndi litsipa, nseru ndi tulo. N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1890 katswiri wa ku Scotland, John Scott Haldane, adalangiza kuti anthu a m'migodi ya malasha azitsika ndi tinyama ting'onoting'ono timene timafooka msanga munthu asanamve kanthu, ndipo ku Britain mbalame za canary zidagwira ntchito imeneyi mpaka 1986. Akale adati tsoka silinunkha. Mkuluyo adaganiza za maulendo onse a ku Zvishavane, makilomita oposa 80 kupita kokha, mawindo ali otseka chifukwa cha chisanu, injini ikutulutsa magawo 8 pa 100, iye ali pachiwongolero kuseka amayi atatu kuti amagona ngati ana.

Madzulo ake adakhala pakhonde ndi akazi ake kwa nthawi yaitali asanayambe.

"Amayi, mutu uja unkakupwetekani paulendo sudali ukalamba ayi. Idali galimoto."

"Nanga sindinkakuuzani, abambo, kuti kumbuyo kuja kumandiledzeretsa? Inu munkati ndimaopa Boterekwa."

"Munkanena. Ine sindinkamva."

Mayiwo adapitiriza kusadzula masamba. Patapita kanthawi adati akonze msanga, chifukwa anzawo a ku Torwood akudwala ndipo uthenga ukhoza kufika tsiku lililonse.

Paipi adakaiwotcherera kwa mnyamata wina wa m'tauni, nadula chigawo chowola n'kuikapo chatsopano. Timabowo ta pansi adatitseka ndi chitsulo, ndipo mphira ya chitseko adaisintha ndi ina yogula pamita. Atabwerera pamakina, okosijeni adatsika, ndipo carbon monoxide adakwera pang'ono, popeza tsopano makinawo ankayeza utsi weniweni wosasukuluka. Adatembenuzanso kasikuluwu kaja, mtsikanayo akuwerenga manambala, mkuluyo akumvetsera kalilidwe ka injini, mpaka adagwirizana pa magawo awiri ndi theka. Kupitirira pamenepo injini inkayamba kutsimphina.

Mtsikanayo adawauza agogo ake mosabisa kuti apo ndiye pamapeto pa mphamvu ya Peugeot. Galimoto zamakono zili ndi kompyuta yoyeza okosijeni mu utsi nthawi zonse n'kumasintha petulo, ndiponso chosefera m'paipi chokhala ndi pulatinamu, chimene chimasandutsa mbali yaikulu ya carbon monoxide kukhala carbon dioxide. Mkuluyo adaseka atamva za pulatinamu, chifukwa amakumbidwa pafupi pomwepo, ku Unki kufupi ndi Shurugwi ndi ku Mimosa kufupi ndi Zvishavane, m'mzera wa Great Dyke. Mwalawo umachoka pakhomo pawo kukayeretsa utsi wa m'mizinda yakutali, ndipo umabwerera m'galimoto zakale za ku Japan, zina chosefera chili chakufa kapena atachidula kale. Mu 2021 boma la Zimbabwe lidaika lamulo loletsa kuitanitsa galimoto zambiri zopitirira zaka khumi, koma zimene zili kale m'dzikomo zimayendabe, ndipo ambiri mwa eni ake alibe ndalama yogulira zina. Chimene angathe ndi sefa yoyera, kabuleta wosasefukira, moto wa panthawi yake ndi paipi yopanda bowo.

Uthenga wa ku Torwood udafika mu Ogasiti. Adanyamuka kusanache, mdzukulu ali pachiwongolero, nadutsa Gweru dzuwa likutuluka. Mkuluyo adakana mpando wakutsogolo. Adati mawondo ake akufuna malo ena, nakakhala mzere wachitatu pambali pa akazi ake, atatsegula windo la pakati mpata wa zala ziwiri ngakhale kunkazizira. Amuna a kutsogolo adamuseka kuti walowa chigwirizano cha amayi. Iye adangoti ayang'ane msewu. Ulendo wonse amayiwo adali maso, akukambirana za malemuyo, za chaka chimene adafika kuchokera ku Ntcheu, ndi za amene adzaphike kusiwa. Atatsala pang'ono kufika pamphambano ya ku Redcliff, mayi a kunyumba kwake adamugwira pabondo namuuza kuti atseke windo, mutu uli bwinobwino, koma khutu lazizira.